Kabatire Kochokera ku Milange

Ntchito yanga yoyamba nditamaliza maphunziro a makompyuta ku Blantyre ndinaipeza pa chipatala china chaching'ono cha mishoni, chapakati pa Chinakanaka ndi Thuchila. Wa makompyuta pamalo onsewo ndinali ndekha. Pulinta ikatafuna pepala, ankaitana ine. Foni ya anamwino ikadzaza zithunzi, ankaitananso ine. Koma chimene anandilembera ntchito kwenikweni chinali seva, kompyuta yaikulu imene inkasunga mbiri ya odwala onse: wabwera ndani, walandira mankhwala anji, adzabwerenso liti. Makompyuta a kolembetsera, a kogawira mankhwala ndi a kusikelo onse ankatunga ndi kuthira m'menemo.

Sevayo inkakhala m'kachipinda kamene kale ankasungiramo mabulangete. Fungo la sopo linali lisanachoke m'makoma. Kanali ndi windo limodzi loyang'ana kuphiri, ndipo kukacha bwino ndinkaona thanthwe la Chambe ndili pampando. Amene anabweretsa sevayo anali a bungwe lina lothandiza zipatala, koma pamene ine ndinkafika n'kuti ntchito yawo itatha, onse atabalalika. Anasiya sevayo, makiyi a chitseko, ndi makina oziziritsa mpweya amene anafa ine ndisanabwere.

Vuto linayamba mu Okutobala, nthawi imene dzuwa limaswa mtengo kuyambira m'mawa. Woyamba kundiuza anali a kalaliki a kolembetsera, bambo wachikulire wa imvi m'mbali, amene anayamba ntchitoyo makompyuta asanabwere ndipo anawaphunzira ndi zala ziwiri. Anaima pakhomo la kachipinda kanga, magalasi ali m'manja.

"Chemwali, makina anuwa atopa," anatero.

"Atopa bwanji, bambo?"

"Ndikafuna dzina la munthu, akundipatsa msanga. Koma ndikati ndisunge zimene ndalemba, kachizindikiro kaja kakungozungulira. Ndikumfunsa wodwala za kumudzi, za mbewu, za ana, iko kakadazungulirabe. Nkhani zikundithera."

Ndinaseka, koma nditapita kukaona ndekha sindinasekenso. Mzere umene kale unkathera pakhonde tsopano unkakafika pansi pa mtengo wa mango wa pafupi ndi geti. Munali amayi obereka ana kumbuyo, alimi amene anasiya makasu m'munda, ndi anthu othyola tiyi amene anapempha m'mawa wokha kwa akapitawo awo ndipo ankangoyang'ana dzuwa. Ena anali ochokera kutsidya kwa malire, odzuka kusanache. Onsewo ankadikira kachizindikiro kozungulira kaja, osadziwa n'komwe kuti kaliko.

Ndinayamba ndi zimene anatiphunzitsa kusukulu. Ndinakwera kudenga kukalondola waya wa netiweki, n'kupeza makoswe atautafuna malo ena. Mtima unakhala pansi. Ndinasintha wayawo, n'kutsika fumbi lili tuu m'mutu, ndikuyembekezera kuti a kalaliki andiyamikire. Sizinasinthe. Ndinasaka mavayirasi, ndipo amene ndinapeza anali m'makompyuta a anamwino. Sevayo inali yoyera. Memore, mosungira zinthu kwakanthawi, inali yokwanira. Purosesa, ubongo wa makinawo, inkangowodzera, yopanda chochita.

Kenako ndinatsegula pulogalamu yoonetsa mmene madisiki akugwirira ntchito, ndipo mpamene ndinaona kuti m'kati mujanso munali mzere wake. Zinthu zodikira kulembedwa zinali zitaunjikana, china pamsana pa chinzake. Madisikiwo anali angapo, olumikizidwa mwakuti imodzi ikafa enawo apulumutse zonse. Ndinaganiza kuti ina ikufa. Koma timagetsi tawo tonse tinali tobiriwira, ndipo palibe disiki imene inkadandaula. Poopa zoipa, ndinakopera mbiri yonse pa disiki ina yapadera. Ndinaimbira foni mnzanga wa kusukulu amene ankagwira ntchito mumzinda.

"Izimitse, uiyatsenso," anatero.

Ndinatero. Nditamuimbiranso, anati, "Ndiye yakalamba imeneyo. Auze agule ina." Ankalankhula ngati seva amaiunjika pamsika ngati tomato.

Masiku anapita. Ndikamadutsa pakhonde ndinkayenda mutu uli pansi. Palibe amene ananditukwana, koma ndinkamva anthu akunong'onezana, "Ndi ameneyo, mtsikana wa makina uja." Usiku ndikagona ndinkalota kachizindikiro kozungulira.

Amayi anga ankakhala kumudzi kwathu, chakuseri kwa msika wa Chinakanaka, ndipo mwezi ndi mwezi ankabwera kudzalandira mankhwala a kuthamanga kwa magazi. Sankalola kuti ndiwadutsitse pamzere. Ankati, "Anthu aziti chiyani?" Makolo awo anachokera ku Mozambique wapansi kudzagwira ntchito m'minda ya tiyi, ndipo amayi anakula akulankhula Chilomwe. Ife ana awo sitinachiphunzire. Chimene ndinkadziwa ine chinali moni ndi mawu ochepa amene ankatikalipira nawo tili ana.

Tsiku lina m'mawa ndili m'kachipinda muja, ndikuyang'ana manambala omwe aja ngati asintha chifukwa chowayang'anitsitsa, ndinamva kugogoda. Nditatsegula ndinapeza amayi, kumbuyo kwawo kuli mwamuna wamtali wa msinkhu wa achimwene anga aakulu, atavala malaya oyera opinda manja, chipewa cha njinga yamoto chili m'khwapa.

"Amayi, kuno sikololedwa kulowa," ndinatero.

"Ine sindikulowa. Akulowa ndi awa."

Mwamunayo anawerama pang'ono n'kundipatsa moni wa Chilomwe. "Mosheliwa?"

"Kosheliwa," ndinayankha, Chilomwe changa n'kuthera pomwepo.

Amayi anafotokoza. Pamzere anakhala moyandikana ndi gogo wina wochokera ku Mozambique, wodwala shuga, ndipo atamva kalankhulidwe kake anayamba kucheza naye m'Chilomwe. Mwamunayu anali mwana wa gogoyo. Kwawo kunali kutali m'kati mwa dzikolo, cha ku Gurue, ndipo anali atangosamutsidwira kumene ku Milange, tauni ya kutsidya kwa malire, kumene ankayang'anira makompyuta a ofesi ina. Chichewa anali asanachigwire, Chingerezi chake chinali cha pasikirini basi. Atafika pawindo la a kalaliki anaima n'kumaonerera mmene kompyuta inkachitira, ndipo pobwerera anawauza amayi ake kuti matenda a makinawo akuwadziwa. Amayi anga anamva.

"Ndiye ndawauza kuti mwini wake ndi mwana wanga, bwerani mumuuze pamaso," anatero amayi. "Usachite manyazi. Walephera kale."

Kunena zoona, mawu amenewo anandiwawa. Koma ndinayang'ana pawindo, ndinaona mzere uja, n'kutsegula chitseko chonse.

Mlendoyo anagwada patsogolo pa seva, anaika dzanja kumbuyo kwake kumene kumatulukira mpweya, n'kulichotsa msanga akupukusa mutu. Anayamba kulankhula Chipwitikizi. Ndinangomuyang'ana. Anayesa Chingerezi, mawu awiri atatu, n'kusowa popitira. Tonse tinatembenukira kwa amayi, amene anali chiimire pakhomo ndi kachikwama kawo ka mankhwala.

"Kandibweretsere mpando," anatero amayi. "Zikuoneka kuti ndichedwa."

Umo ndi mmene amayi anga, amene mpaka lero amandipatsa foni yawo kuti ndiwawerengere uthenga, anakhalira womasulira nkhani za seva. Mlendoyo ankalankhula Chilomwe, akumwazamo Chipwitikizi pamene Chilomwe chalephera, ndipo amayi ankandiuza m'Chichewa zimene amva.

"Akufunsa kuti kodi chikuchedwa n'kutenga kapena kusunga?"

"Kusunga."

Atamuuza, anawomba m'manja kamodzi n'kulankhula kwa kanthawi, akuloza m'mimba mwa sevayo. Amayi anamvetsera atatsinzina diso limodzi, anamufunsanso kenakake, kenako anati:

"Akuti m'kati umu muli kapitawo."

"Kapitawo?"

"Eya. Woyang'anira timbale tako tosungira zinthuto. Chilichonse chopita kumeneko chimadzera kwa iyeyo."

Mlendoyo ataona nkhope yanga anati pang'onopang'ono, "Kontroladora." Apo ndinamva. Ankanena kontrola, kakhadi kamene kamalamulira madisiki onse. Ndinkadziwa kuti kalipo, tinakajambulapo pabolodi kusukulu, koma sindinaganizepo kuti kangadwale madisiki ali bwinobwino.

Amayi anapitiriza, akuima nthawi ndi nthawi kuti amve zotsatira. Kapitawoyo, anatero, ali ndi kathumba kake. Munthu akabweretsa katundu, iye amangolandira, kuponya m'kathumbamo, n'kumuuza mwini wake kuti pita, ndalandira, ndipo amakalongedza bwino pambuyo pake. N'chifukwa chake zinthu zimayenda msanga. Koma zimene zili m'kathumbamo zimatayika magetsi akathima, choncho pali kabatire kakang'ono kolondera kathumbako. Kabatireko kakafa, kapitawo amaopa. Salandiranso chinthu n'kunena kuti pita. Amayamba wakalemba yekha m'timbale tonse, kutsimikiza kuti chakhazikika, ndiyeno n'kulandira china. Aliyense adikire.

"Ndiye akuti kapitawo wako si waulesi," anamaliza amayi. "Ndi wamantha."

Ine ndinali nditaimirira kale. Zonse zimene ndinaona masiku onse aja zinagwirizana: kuwerenga kofulumira, kusunga kochedwa, mzere wa m'madisiki, timagetsi tobiriwira. Pulogalamu imene ikanandiuza za kabatireko eni ake sanaiike pa sevayo, ndipo uthenga wake unkangodutsa poyatsa, pamene panalibe sikirini yolumikiza.

Tinadikira kuti a kalaliki apite kukadya. Gogo uja anali atalandira kale mankhwala ake, ndipo anakhala pamthunzi akudikira mwana wake osadandaula. Ndinabweretsa sikirini, tinaizimitsa sevayo, ndipo poiyatsa mlendoyo anandionetsa mabatani oti ndidinde kuti tilowe m'nyumba ya kontrolayo. Iye sanakhudze kanthu. Ankaloza, ine n'kumadinda. Ndipo zinali pomwepo, zolembedwa poyera: batire lafa, kusungira m'memore, kathumba kaja, kwaimitsidwa.

Tinazimitsanso n'kuvundukula chivindikiro. Kabatireko kanali kobisika m'mbali, kachinthu kosaposa bokosi la machesi, katatupa ngati mandasi a m'mafuta otentha. Mlendoyo analoza makina oziziritsa mpweya akufa aja, kenako analoza denga la malata. Pamenepo sipanafunike womasulira.

Ndinathamanga kukaitana abwana oyang'anira chipatala. Anali munthu wofatsa, koma masiku amenewo madandaulo onse ankathera patebulo pawo, ndipo maso awo ankaonetsa. Anabwera pamodzi ndi a kalaliki, amene anali akupukutabe m'manja. Nditafotokoza, anafunsa funso limene ndinkaliopa.

"Palibe njira yoti chiyambe kuthamanga lero, kabatireko tikusakasaka?"

Njira inalipo. Ndinali nditaiona pasikirini paja: ukhoza kumulamula kontrola kuti azisungirabe m'memore ngakhale batire lafa. Mlendoyo nayenso anadziwa chimene chikufunsidwa, chifukwa analankhula msanga kwa amayi, nkhope itasintha.

"Akuti chidule chilipo," anatero amayi, "koma magetsi akangothima pakati pa ntchito, zimene zili m'kathumba zapita, ndipo mwina ziwononga ndi zimene zinasungidwa kale. Akuti iwo anaonapo ofesi ikulira."

Magetsi kwathu kuja ankathima mmene afunira. Bokosi la mabatire losunga magetsi linali lofooka, ndipo jenereta inkadikira kuti mlonda athamange kukaidzutsa.

"Anthu akuvutika panjapa lero," anatero abwana. "Inu mukuopa chinthu chimene sichinachitike."

Ndinali wamng'ono pantchito, ndipo ndine amene ndinachedwetsa anthu masiku onsewo. Ndinangoti, "Bwana, ine sindingadinde pamenepo ndi mtima umodzi."

Amene analowererapo anali a kalaliki.

"Bwana, amene amatukwanidwa pawindo paja ndine," anatero. "Kuli bwino andinene kuti ndine wochedwa, kusiyana n'kuti mayi abwere ndi mwana wodwala ine ndimuuze kuti dzina lake mulibe, sitikudziwa mankhwala amene tinamupatsa. Tidikire."

Abwana anayang'ana a kalaliki, anayang'ana ine, n'kupuma mozama. "Chabwino. Tidikira. Koma chemwali, musagone."

Mawu amenewo sindinawaiwale. Akanatha kundilamula, ndipo mwina ndikanadinda.

Mlendoyo asanapite anajambula kabatireko ndi foni yake, mbali zonse, ndipo anatenga nambala ya foni ya amayi, osati yanga. Zinali zomveka. Akanandiimbira ine tikanangopatsana moni n'kumamvetserana kupuma.

Masiku otsatira ndinachita zimene ndikanatha. Ntchito yokopera mbiri, imene inkayamba yokha masana anthu ali pamzere, ndinaisunthira madzulo. Pulogalamu yosaka mavayirasi ndinaiuza kuti isamasuzumire m'mafayilo a odwala nthawi iliyonse akasungidwa. Ndinabwereka fani ku ofesi ya abwana n'kuilozetsa pa seva, ndipo akalipentala anaboola khoma n'kuikapo sefa kuti mpweya uzidutsa. Zinapepukako pang'ono, mzere unabwerera kuchoka pa mango kufika pa mpopi. Koma kabatire kanasowa. Ndinakwera minibasi kupita ku Limbe ndi ku Blantyre, ndinalowa sitolo ndi sitolo nditakakulunga m'kapepala. Ena ankakatembenuza n'kundibwezera. Wina anati, "Zamakedzana izi, mayi. Mpaka tiitanitse kunja, ndipo musatifunse kuti zifika liti." Ndinabwerera fumbi lokhalokha.

M'mawa wina ndikufika kuntchito ndinapeza amayi atakhala pakhonde la kachipinda kanga. Silinali tsiku lawo la mankhwala. Anali atabwera pa kabaza, atavala chitenje chawo cha kutchalitchi.

"Mwana uja waimba," anatero, asanandipatse n'komwe moni. "Akuti kuntchito kwawo kuli makina ofanana ndi akowa, anapsa ndi mphezi chaka chatha, angokhala mosungiramo katundu. Watsegula, kabatire kake kali bwino. Wapempha kwa abwana ake, amulola. Abwera Loweruka."

"Amayi, mwamva bwino? Anati kofanana?"

"Iwe, Chilomwe ndinayamwira. Anati kofanana."

Loweruka limenelo kunagwa chizimalupsa. Mitambo inatsika kuphiri m'mawa, Chambe osaonekanso, ndipo pofika chakumasana mvula inali ikuwomba malata moti munthu sumamva mnzako. Ndinati sabwera. Amayi anati abwera. Tinakhala pakhonde tikuyang'ana kugeti, madzi ofiira akuyenderera pabwalo. Ndipo anatulukiradi, njinga yamoto ikuterereka m'matope, iye atanyowa mpaka m'mafupa. Atatsika anatsegula jekete, anatulutsa kamtolo ka pulasitiki kamene anakabisa pachifuwa, ndipo m'kati mwake munali mpango wa kumutu wa amayi ake, m'kati mwa mpangowo muli kabatire kouma bwinobwino.

Anandipatsa ndi manja awiri. "Bateriya, mana," anatero, kunditchula kuti chemwali m'Chipwitikizi.

Kabatireko ndinakalumikiza ndekha, iye akundiunikira ndi foni, madzi akudontha kuchokera m'malaya ake. Tinatseka, tinayatsa. Ndinathamangira kolembetsera, ndinatsegula kompyuta ya a kalaliki, ndinalemba zoyesera n'kusunga. Kachizindikiro kaja kanazungulira. Kanazungulirabe. Ndinayesanso. Chimodzimodzi.

Ndinabwerera m'kachipinda muja. Sindinkafuna kumuyang'ana munthu amene wayenda ulendo wonsewo pamvula. Koma iye atamva anangoseka, n'kulankhula kwa amayi.

"Akuti usalire," anatero amayi. "Kabatireko kagona nthawi yaitali, kali ndi njala. Kapitawo sangakakhulupirire kasanakhute. Akuti usiye makinawo oyaka, usawagwiregwire."

Anandionetsa pasikirini pamene panalembedwa kuti batire likudzaza. Amayi anamukakamiza kumwa tiyi wa mkaka ndi chinangwa chophika chimene anabwera nacho, ndipo iye anadya chiimire chifukwa ankafuna kukadutsa pa Muloza asanatseke chipata cha malire. Mvula inali itachepa. Anakwera njinga yake, anakweza dzanja, n'kupita.

Lamulungu ndinapita kutchalitchi, koma ulaliki sindinaumve. Potuluka ndinafuna kudzera kuchipatala, amayi anandigwira mkono. "Anati usagwiregwire."

Lolemba ndinalawirira. Anthu anali atayamba kale kusonkhana pakhonde. Ndinalowa m'kachipinda muja, ndipo sindinafunike kutsegula pulogalamu iliyonse kuti ndidziwe: timagetsi ta madisiki, timene masiku onsewo tinkayaka osaphethira ngati maso a munthu wodabwa, tinali tikuthwanima mopepuka. Ndinapita kukaima kumbuyo kwa a kalaliki. Anaitana wodwala woyamba, mayi wa mwana kumbuyo, analemba ndi zala zawo ziwiri zija, anadinda posungira, n'kutembenuka kuti ayambe kucheza naye monga anazolowera.

"Kumudzi kuli bwanji, mayi? Mwadzala?"

"Bambo," ndinatero, "tayang'anani."

Anayang'ana. Sikirini inali itabwerera kale poyambira, ikudikira munthu wina. Anavala magalasi, anasuzumira, n'kufufuza dzina la mayiyo poganiza kuti sizinasungike. Zinalimo. Anavula magalasi aja n'kundiyang'ana.

"Chemwali, ndiye ine ndizicheza nawo nthawi yanji anthuwa?"

Tsiku limenelo mzere unatha dzuwa lisanafike pamutu. Othyola tiyi anabwerera kuntchito nthawi ikadalipo. Abwana anabwera, anaima pakhonde lopanda anthu, manja ali m'thumba, n'kungoti, "Hm." Sabata yomweyo anaitanitsa munthu wodzakonza makina oziziritsa mpweya, ndipo ine ndinaika pulogalamu ya kontrola ija kuti kabatire kakadzayambanso kufooka ndidzamve msanga.

Ndinapempha amayi kuti amuimbire mlendo uja amuuze kuti zatheka, ndiponso kuti ndikuthokoza. Anaimba, koma atamaliza anati, "Zikomo wa pafoni ndi mphepo. Munthu anavumbwa chifukwa cha iwe. Tipita."

Tinapita nanazi zitayamba kupsa. Amayi anagwira tambala wawo wofiira, amene ankamusungira Khirisimasi, n'kumumanga miyendo. Anaphika kalongonda, nyemba za Alomwe zimene zimafuna tsiku lathunthu pamoto, n'kumuika m'kapoto kovindikira. Ine ndinagula nanazi m'mbali mwa msewu. A kalaliki atamva za ulendowo anabweretsa paketi ya tiyi, n'kunena kuti, "Mukawauze kuti wachikulire wa pawindo uja akupuma tsopano." Tinakwera minibasi mpaka pa Muloza, tambala akulira pansi pa mpando, ndipo tinawoloka mlatho wapansi. Kutsidya anali akutidikira ndi njinga yake ndi ya mnzake.

Nyumba yawo inali yaing'ono, ya lendi, kuseri kwa msika. Gogo uja atangoona amayi anadzuka pamphasa n'kuwakumbatira ngati abale otayana kalekale. Atavundukula kapoto ka kalongonda anafuula, anaitana aneba kuti adzaone. Kuyambira pamenepo awiriwo anatiiwala. Anakhala pamphasa miyendo itatambasulidwa, akulankhula, akuseka, nthawi zina akutsitsa mawu, nthawi ina onse awiri akupukuta maso ndi nsonga za zitenje.

Ife awiri tinatsala opanda womasulira. Ananditengera kuntchito kwake kukandionetsa kachipinda kake ka maseva, kozizira bwino, mawaya atamangidwa mwaudongo ngati tsitsi la mkwatibwi. Anandionetsa ndi seva yopsa ija, pamene panachoka kabatire pali pululu. Tinkalankhulana ndi zala, ndi mawu a pasikirini, ndi Chichewa chochepa chimene anali atatola pamsika. Ndinamuuza kuti, "Obrigada," mawu amene ndinawaloweza m'minibasi. Iye anayankha kuti, "Zikomo kwambiri," ndipo tonse tinaseka chifukwa aliyense anathokoza m'chinenero cha mnzake ndipo panalibe woyankha.

Sanakhalitse ku Milange. Chaka chotsatira anamusamutsiranso m'kati mwa dziko lawo, ndipo nambala yake inasiya kugwira. Ine ndagwira ntchito m'malo ena kuchokera nthawi imeneyo, ndakumana ndi maseva aakulu kuposa ija, ndipo ndaphunzitsidwa ndi anthu ambiri. Koma sindinaonenso munthu wobwera kudzaperekeza mayi ake kuchipatala, m'dziko la eni, n'kudzitengera vuto la anthu osawadziwa ngati lake.

Pobwerera tsiku lija amayi anakhala chete m'minibasi, chinthu chosazolowereka. Tinadutsa minda ya tiyi, tinadutsa pa boma, iwo akungoyang'ana pawindo. Ndinaganiza kuti atopa kapena magazi akwera.

"Amayi, muli bwino?"

"Ndili bwino," anatero. Kenako anawonjezera, "Gogo uja amalankhula ngati amayi anga. Mawu ena ndinali nditawaiwala kuti alipo. Chimwalirireni iwo, sindinachezepo chonchi."

Ndinawagwira dzanja, iwo sanalichotse. Titatsika pa Chinakanaka anandituma kukagula matemba ndi tomato, n'kundiuza kuti ndifulumire chifukwa mvula inali ikubweranso.